Matimati a Kuseri kwa Bafa

Ku komboni yathu ya Chawama bafa yathu inali ya masaka, ndipo mbali yoyang'ana kumsewu inali itaola mpaka m'chiuno. Ndinapachikapo saka latsopano kawiri, kawiri konse linabedwa. Tsidya la msewu kunali shabini yogulitsa mowa, kumene amuna osowa chochita ankasewera nsolo kuyambira m'mawa.

Ndiye ndinabzala matimati pamene pamatsikira madzi osamba, n'kuwazikira mitengo. Sindinathyole mphukira ngakhale imodzi. Anawirira, nalukanalukana mpaka kufika pachifuwa. Kubereka ankabereka tochepa, koma ine sindinkafuna ndiwo. Ndinkafuna kusamba ngati munthu.

Loweruka lina ndili kumsika, kunyumba kunafika alamu anga, akulu awo a amuna anga. Ankagwira ntchito yothirira maluwa kumayadi, ndipo chiyambire ntchitoyo ankayenda ndi kalumo kodulira maluwa m'thumba ngati dokotala. Pobwera ndinapeza mulu wa masamba pakhomo. Matimati anga anali njo, mapesi okhaokha ngati miyendo ya nkhuku yososola.

"Mulamu, nakukonzelani," anatero akupukuta kalumo kawo. "Vija venze vamasamba chabe. Tomato ifuna mphepo izipita bwino. Imwe bantu ba mu komboni simuziba kulima."

Ine wokulira m'munda ku Katete, kuphunzitsidwa ulimi ndi munthu wothirira kapinga wa eni ake! Nzeru za kumayadizo sizinawauze kuti afunse kaye chifukwa chake mkazi wamkulu wasiya matimati osadulira. Ndipo zosamba sungakambe ndi akulu a mwamuna wako. Ndinangoti zikomo, mtima ukuwira. Amuna anga, mutu umodzi ndi akulu awo, anawagulira mowa.

M'mawa mwake nditangothira madzi kumsana, ndinamva likhweru kuchokera kunsolo, kenako phwete. Ndinatuluka sopo ali m'khosi, manyazi atandigwira. Kuyambira tsikulo ndinkasambira m'beseni kuchipinda, n'kumakolopa pansi ndikamaliza.

Chondinyansa kwambiri n'chakuti matimatiwo anaberekadi, akuluakulu ngati chibakera. Sindinalawe ngakhale limodzi.

Mwezi wa Okutobala alamu anabwera kudzathyola, akudzitama kwa aliyense wodutsa. Dzuwa linawawamba, thukuta lili kamukamu, ndipo anapempha madzi osamba. Ndinawatengera ndowa yodzaza, sopo watsopano ndi thaulo la alendo, ndinagwada n'kuwauza kuti madzi ali kubafa.

Sipanapite nthawi, kunsolo kunabuka chiphokoso, wina mpaka kuwomba m'manja. Alamu anatuluka chothamanga, thovu lili m'makutu, thaulo atalikumbatira ndi manja awiri.

"Mulamu! Bafa yanu ionekela ku msewu! Simunaone?"

Ndinapitiriza kusankha mpunga wanga m'lichero.

"Naona kalekale, bamulamu," ndinatero. "Mphepo ipita bwino maningi."