Mkazi Wanga Anagogoda, Ine Ndinakweza Wailesi

Ndinamva mkazi wanga akugogoda, koma sindinaimitse galimoto. Ndayambira pamenepa dala kuti inu owerenga musafulumire kundimvera chisoni, chifukwa ndikayambira kwina ndidzikometsera.

Zinachitika ku Dubai chaka choyamba cha korona. Ndinali dalaivala wa mzungu wina ku Sports City. Bwanayu anachokera kudziko lozizira, ndipo anabwera ndi zidole zake ziwiri, njinga zamoto zopangidwira kuyenda pachipale chofewa, zimene iye ankati masinomobayilo. Kutsogolo zili ndi timiyendo totsetsereka m'malo mwa matayala, kumbuyo lamba wamanomano ngati wa katapila. Ine ndinkangoti ziwala. Kuno chipale ndimachiona mufiriji mokha, choncho bwana anazikonzetsa kuti ziziyenda pamchenga, ndipo pa tsiku lopuma tinkapita nazo kuchipululu kukasokosa ngamila zosalakwa.

Pozinyamula tinali ndi nsanja yachitsulo yomangidwa pamwamba pa bodi ya pikapu. Ziwala ziwirizo zinkakhala pamwambapo moyandikana, zitamangidwa ndi malamba. Pansi pa nsanjayo pankatsala mpata wolekeza m'mawondo, momwe tinkalowetsamo makwerero okwezera ziwalazo. Ukatseka chitseko chakumbuyo, palibe angaone zam'kati. Mpata umenewu ndi umene unandipatsa nzeru yopusa.

Mkazi wanga Eneless ankalera ana panyumba ina yakumpanda ku Festival City, ndipo ankagona konko. Matenda atabwera, adona ake anauza alonda apageti kuti wantchito asamatuluke, angabweretsere ana korona. Boma linatsekera anthu m'nyumba kenaka n'kuwamasula, koma adona sanamasule. Chimene sankadziwa n'chakuti Eneless anali ndi pakati, mimba yathu yoyamba titalira mwana zaka zambiri. Ankaibisa m'yunifolomu yaikulu poopa kuchotsedwa ntchito. Kenaka miyendo inayamba kutupa, mutu osaleka kuwawa. Ankandiimbira ali kubafa, akunong'ona, kuti ndikapanda kumutulutsa afera momwemo. Ine ndinasiya kudya. Ku Satwa kunali amayi a kumpingo kwathu, mmodzi anagwirapo unamwino kumudzi, ndipo anati ndingomufikitsa, zotsalazo aona okha.

Nthawi yomweyo bwana wanga ntchito inamuthera, n'kuyamba kugulitsa katundu. Wofuna ziwala anali Mwarabu wina wokhala mumpanda womwewo wa Eneless. Bwana atandituma kuti ndikamuonetse, ndinati Mulungu wayankha. Ndinadziwa kuti alonda amasuzumira m'kati mwa galimoto potuluka, koma pansi pa nsanja sangaganizepo. Ndinauza Eneless kuti angopirira pang'ono mpaka tidutse geti, ndikamutulutsa pakona n'kumukhazika kutsogolo pamphepo yozizira.

Mwarabu uja anaziona ziwala, anazisisita, n'kunena kuti aganiza kaye. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba kumene amatayira zinyalala, ndipo Eneless anali atayima pomwepo ndi kachikwama m'manja. Miyezi yonseyo tisanaonane, sindinamupatse ngakhale moni wokwanira. Ndinayala katoni pambali pa makwerero, iye anakwawira m'kati n'kugona cham'mbali atagwira mimba. Unali mwezi wa Julaye, dzuwa lili paliwombo, chitsulo chosagwirika. Ndinamupatsa kabotolo ka madzi n'kutseka.

Ndili pamzere wotulukira pageti, foni inalira. Anali bwana. Anati ndibwerere ndikamutenge wogula uja, akufuna akaziyese pamchenga lero lomwe, ndipo ndisamudikiritse. Inu owerenga, apa ndi pamene ndinayambira kulakwa kwenikweni. Geti linali patsogolo panga. Ndikanatuluka, n'kumutsitsa Eneless, n'kubwerera ndi bodza lililonse. Koma mawu a bwana ndinali nditawazolowera kuposa nzeru zanga, ndipo manja anakhotetsa okha chiwongolero.

Mwarabu anakhala mpando wakumbuyo atavala masiki, n'kunena m'Chiarabu kuti yalla, tiyeni. Alonda anatikwezera mtengo wotchinga pageti osayang'ana n'komwe. Ndinati ndiima pa malo omwetsera mafuta ndinamizire chimbudzi, koma ndikanamutulutsa bwanji Eneless munthuyo akuona? M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi, chakuti wothawitsa wantchito wa eni amamangidwa, ndipo tonse awiri atithamangitsa m'dziko muno tilibe kanthu, mwana ali m'njira. Ndinkadziwanso china. Ziwala zija zinapangidwira kuzizira, ndipo zikatenthedwa zinkadontha petulo, n'kumatsikira m'mipata ya nsanja. Nthawi zonse ndikatsegula kumbuyo fungo linkandibweza.

Nyumba zitayamba kuchepa m'mbali mwa msewu, ndinamva kugogoda kumbuyo kwa mpando. Mwarabu anafunsa kuti chikulira n'chiyani. Ndinati ndi makwerero, amagwedera. Kugogoda kunabweranso, mwamphamvu, kosalekeza. Thukuta linali chuchuchu m'galimoto yozizira. Ndinatambasula dzanja n'kukweza wailesi. Mumtima ndinkangoti pirira mayi, pirira, tatsala pang'ono, ngati kuti akundimva. Patapita nthawi kugogoda kunaleka, ndipo ndinadzinamiza kuti wamvetsa.

Titafika pamchenga panalibenso kothawira, poti ziwala sizingatsike popanda makwerero. Ndinatsegula chitseko. Fungo la petulo linatuluka ndi mpweya wotentha ngati wa mu uvuni, ndipo choyamba kuoneka anali mapazi ake otupa, patapata imodzi itavuka. Ndinamuitana, osayankha. Ndinamukoka miyendo ndikulira ngati mwana. Zala zake zinali zitanyuka chifukwa chomenya chitsulo.

Munthu amene ndinkamuopa njira yonse uja ndiye anavula masiki n'kuthamangira madzi. Anamuthira kumaso ndi pakhosi, tinamunyamulira pampando wakumbuyo, iye n'kundilanda makiyi. Anayendetsa yekha, ziwala zikugwedezeka pamwamba, galimoto ikupendama pokhota paliponse. Ali m'njira anandiyang'ana pagalasi n'kundifunsa m'Chingerezi:

"Habibi, m'bale wanga, bwanji sunandiuze? Inenso ndili ndi mkazi. Ndikanakuuza kuti uime."



Kuchipatala sanandilole kulowa chifukwa cha malamulo a korona. Ndinakhala pansi pamalo oimika galimoto, nditatsamira tayala, ndikupempha Mulungu kuti atenge ine. Anthu odutsa ankaima n'kumajambula ziwala zija, akuseka kuti zikufuna chiyani m'dziko lamchenga. Madzulo namwino anatuluka n'kundiuza kuti mayi apulumuka, koma mwana wapita. Anali wamwamuna. Adokotala anati magazi a Eneless anali atakwera kale, mwina zikanavutabe. Anzanga amandiuza kuti ndigwire mawu amenewo, koma ine ndimadziwa chimene dzanja langa linachita.

Zimene ndinkaopa sizinachitike n'komwe. Mwarabu uja anakalankhula ndi mabwana a Eneless, ndipo nkhani sinapite kupolisi. Atatuluka m'chipatala anakakhala kwa amayi aja ku Satwa, kudikira ndege yopita kumudzi. Ndinkapita tsiku lililonse ndi zipatso, iye n'kumangoyang'ana khoma. Tsiku loti mawa anyamuka ndi pamene anandiyang'ana m'maso.

"Abambo, ndikufunseni. Munandimva ndikugogoda?"

Bodza linali kale pamlomo. Injini, msewu, magalasi otseka, zonse zikanandiikira umboni. Koma ndinati ndinamva.

"Mwachita bwino kunena zoona," anatero. "Inenso ndinaimva wailesi ikukwera."

Ali kwa mayi ake ku Ntcheu. Ukwati sunathe, koma ndikaimba foni amayankha ndi apongozi anga, n'kundiuza kuti ali bwino, wapita kudimba. Ine ndikadali kuno, ndimayendetsa galimoto ya pashopu ina, ndipo anzanga amadabwa kuti ndimayenda tsiku lonse osatsegula wailesi.

Abale anga amene muli kunja kuno, makamaka inu madalaivala, pansi pa nsanja kapena m'buti si malo a munthu, ngakhale mutati n'kanthawi kochepa. Ulendo wa galimoto ya eni ake suli m'manja mwanu, foni imodzi imausintha. Wanu akadwala m'nyumba ya mabwana, pitani pageti masana, nenani poyera, itanani ambulansi, ntchito ithe ngati ikutha. Mantha a viza anandisandutsa chinthu chimene sindinkadziwa kuti ndingakhale, ndipo vizayo ndili nayobe, ilibe ntchito. Inu owerenga, mukadzamva wanu akugogoda, kaya m'galimotomo mwakwera ndani, imani pomwepo mutsegule.