Manja Anga Akuda ndi Fodya

Anabwera Lachiwiri m'mawa, mwezi wosoka fodya, ine ndili m'chigafa. "Odi! Odi kuno!" Apolisi awiri, mkamwini wanga amene anakandinenera ali pambuyo pawo, maso pansi.

"Agogo, tiyeni. Akuti mdzukulu wanu munamupha ndinu, m'matsenga."

Mdzukuluyo tinali titangomuika, malungo atamutenga. Amake, mwana wanga wamkazi, anaima pakhomo ndi pakati pake, osanena kanthu. Chete ameneyo anandipweteka kuposa unyolo.

Kupolisi anati, "Tambasulani manja." Ndinatambasula. Akuda bii, phula la fodya mpaka m'zikhadabo, la zaka ndi zaka.

"Manja a munthu amakhala chonchi, eti?"

Anafunsa mpaka dzuwa kupendeka. Khutu langa lamanzere linasiya ntchito tsiku limenelo. Potsiriza ndinati, "Kaya, mwina ndine." Iwo anati ndavomera.

Choipa n'chakuti nanenso ndinayamba kukhulupirira. Kundende ndinkabisa manja m'chitenje. Pampopi ndinkawakhula pasimenti, khulu khulu, mpaka magazi. Gadi wamkazi ankati, "Agogo, mutithera simenti ya boma."

Munali mayi wina wamng'ono wa ku Nsaru, womangidwa ndi khanda kumsana. Tsiku lina m'mwezi wozizira, tili pampopi, anati, "Agogo, tandigwirireni mwanayu ndisambe."

"Iyayi mwanawe, manja angawa ndi oipa."

Anawakoka, n'kuwanunkhiza, n'kuseka. "Aa, fodya uyu! Amayi anga ali nawo omwewa. Kodi alera ana angati manjawa?"

Ndinayamba kutchula mayina awo, mmodzimmodzi.

Anatapa mafuta a khanda lake ndi chala. "Dzolani. Osati mokhula mphika, agogo. Ngati mukudzoza mwana."

Ndinadzola pang'onopang'ono, nyimbo n'kubwera yokha:

Pepani manja, pepani,
munalima, munalera,
simunaphe, pepani.

Tsiku limenelo ndi pamene ndinamulira mdzukulu wanga, poti pamaliro anthu ankandiyang'ana m'maso, misozi inaopa kutuluka. Kutacha ndinabereka khanda lija, linagona tulo kumsana kwangaku, ee, linagona!

Mvula yoyamba itagwa, akhoti anati mlandu palibe. Gadi uja anati, "Tulukani agogo, simenti ipume."

Ndinatsika galimoto pa Nambuma. Mwana wanga anali pamsewu, kakhanda katsopano m'manja. Anagwada m'matope momwemo.

"Amayi, ndinakhala chete."

"Ndinamva."

"Mwanayu sanasambitsidwe ndi agogo ake. Kodi mungalole?"

Anthu anaima, kuonerera. Ndikanakhala wakale uja, ndikanabisa manja m'chitenje poopa kumuipitsa, mwana wanga n'kuyesa ndamukana mpaka kumanda. Koma ine ndi manja anga tinali titagwirizana kale pampopi paja. Ndinawatambasula pagulu, akuda bii, ndi zipsera zake.

"Bwera naye kuno, iwe! Ndipo amuna akowo akatunge madzi okha, pamutu!"

Anakatunga, amayi a m'mudzi akuseka, ine nthungululu, lululu! Mkamwiniyo timapatsana naye moni. Zina zikupola pang'onopang'ono, sindizikhula.

Anthu amandifunsa kuti ufulu ndinaumva liti, kodi pachipata cha ndende? Iyayi. Chipatacho chinatseguka mochedwa. Ine ndinatuluka mwezi wozizira uja, ndi mafuta a pachala chimodzi.

Fodya ndikusokabe. Kamwana kaja tsopano kamagwira chala changa n'kumati, "Agogo, manja anu akuda!"

Ndimati, "Eya, akuda! Ndi amene anakusambitsa."