Msuzi Wobiriwira wa Atate

Fungo la soseji ikamadonthezera mafuta pa malasha limandibweza ku Kawama, nyengo yozizira ija ndili giredi faifi, atate atangowachotsa ntchito ku mgodi. Anagula mbaula yaikulu ngati basi n'kuiika pamsewu kutsogolo kwa nyumba. Mnzawo wa ku Argentina amene ankaboola naye miyala ndiye anawaphunzitsa: soseji uing'ambe pakati, uiwotche mpaka ipse bwino, uiike m'banzi, pamwamba uthire msuzi wobiriwira wa timasamba, adyo, viniga ndi mafuta ophikira.

Anthu ankabwera ngati nyerere. Koma pakamwa panga, mayo ine! Kusukulu ndinauza anzanga kuti msuzi uja ndi chinsinsi cha kutsidya kwa nyanja, ukangolawa kamodzi miyendo imakubweretsa yokha ngakhale usakufuna.

Sabata isanathe, Kawama yonse inamva kuti a Tembo, atate anga, amathira mankhwala okokera anthu m'chakudya. Makasitomala anasowa ngati yawameza nthaka. Soseji zinkauma pa mbaula, atate akungozitembenuza. Tsiku lina wina anaponya mwala pa malata athu masanasana, amai anagwetsa kapu. Ndinaulula kwa atate zimene ndinanena, iwo anangoti, "Chabwino."

Loweruka kunabwera Ba Mwansa, mayi apampando a mphakati wathu wa kutchalitchi, ndi azimayi sikisi ovala zitenje za kutchalitchi, kumbuyo kwawo anthu miliyoni.

"Ba Tembo, tionetseni zimene mumaikamo umu."

Atate anatembenukira kwa ine. Mtima wanga unagunda mpaka ku Kitwe anaumva.

"Tisa, tenga kamtondo. Unalankhula ndiwe, usinje ndiwe."

Ndinasinja anthu onse akuona, adyo akudumphira pansi. Ba Mwansa ananunkhiza tsamba lililonse, viniga analawa ndi chala. Atate anathira msuziwo pa soseji n'kuwapatsa. Ngakhale agalu anakhala chete. Mayi aja analuma, anatafuna zaka zitatu.

"Mchere wachepa," anatero. "Ndiikireni ina."

Nthawi ija ndinkaganiza kuti atate ankafuna kundichititsa manyazi, ndipo ndinawakwiyira mpaka mvula inagwa. Pano ndamaliza giredi twelofu, ndimawotcha ndekha pa mbaula yomweyo, ndiye ndikuona. Akanasinja okha, anthu akanati abisa kanthu m'chikhatho. Dzina lawo lonse analiika m'manja mwa kamwana kabodza komwe kanaliipitsa, ndipo iwo sananjenjemere ndi pang'ono pomwe.