Amayi Anakazonda Mbewa

Amayi anga anasiya kumwa mapilitsi a shuga chaka chimene ndinkamaliza maphunziro ku yunivesite, ku Luwinga. Sanandiuze. Ndinangowapeza mapilitsiwo ali chidzazire m'kapulasitiki kake, kuseri kwa mbale za alendo. Nditafunsa, anandiyankha akupitiriza kusita kuti mapilitsiwo amawapotokola m'mimba, ndipo apeza china chabwino.

China chabwinocho chinali masamba. Anawapatsa ndi mnzawo wa kutchalitchi, mayi wina wa ku Nkhata Bay, amene ankalumbira kuti mlamu wake anachira nawo. Amayi ankawiritsa masambawo m'kapoto, n'kumamwa kapu ya madzi ake m'mawa uliwonse. Ndinalawako kamodzi, nkhope inachita makwinya mpaka masana. Koma kwa amayi kuwawako ndiye unali umboni. Ankati matenda a zotsekemera mankhwala ake ayenera kukhala owawa.

Tinkakhala awiri ku Zolozolo. Amayi ndi a ku Ntcheu, anabwera ku Mzuzu potsatira ntchito ya malemu bambo, ndipo amagulitsa nsapato za kaunjika mumsika. Ndi munthu woti amatsutsana ndi kasitomala za saizi ya phazi la kasitomala yemweyo, mpaka kasitomala n'kugonja. Ndiye ine, mwana wawo wobereka okha, ndikanawauza chiyani? Ndinayesa kunyengerera, ndinayesa kukalipa, ndinabweretsa ngakhale mabuku. Iwo ankangoti sukulu yandikwera m'mutu. Koma thupi linkatha ndikuona. Siketi anayamba kuimanga ndi pini, ndipo ulusi pa singano ndinkawalowetsera ndine. Ndinkachita mantha kwambiri, chifukwa ndinali nditawerenga zimene shuga amachita ndi maso, impso ndi miyendo ya munthu.

Chaka chomaliza wophunzira aliyense amachita kafukufuku wake. Ine ndinapita kwa aphunzitsi anga, mayi wodekha wovala magalasi, n'kuwapempha kuti ndiyese masamba a amayi pa mbewa. Anavomera, koma anati tiyambe tapempha chilolezo ku komiti yoona kuti nyama zisazunzidwe. Ndinaseka ndekha panjira. Kwathu ku Ntcheu mbewa imakumana ndi khasu ndi utsi basi, kuno ili ndi komiti yake.

Mbewa za mu labotale n'zoyera mbee, maso ofiira, ndipo zimakhala m'timakola ta pulasitiki, pansi pali utuchi, pamwamba pali kabotolo ka madzi. Woziyang'anira anali abambo ena a ku Rumphi, achikulire ndithu, okonda nthabwala kuposa tiyi. Tsiku loyamba atamva kumene ndimachokera, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe wa ku Ntcheu, ndaziwerenga zonse. Izi si dende," anatero. Dende ndiye ndiwo m'Chitumbuka. Kuyambira tsikulo, ndikamaweruka ankayerekeza kundisecha m'matumba.

Ntchito yake inali yotere. Mbewazo tinazibaya jakisoni woti zidwale shuga, kenaka tinazigawa magulu atatu. Gulu lina tinkalimwetsa madzi a masamba aja, lina mankhwala a kuchipatala ngati amene amayi anasiya, lina osapatsidwa mankhwala alionse, kuti tione kusiyana. Chakudya chofanana, madzi ofanana, nthawi yofanana. Ndinkatenga kadontho ka magazi kumchira n'kuyeza pa kamakina kofanana ndi ka kuchipatala. Poyamba mbewa iliyonse ndinkaipepesa.

Madzulo ena ndinawafotokozera amayi zonsezi, ndikuganiza kuti akwiya. M'malo mwake anasiya kusadzula masamba a ndiwo n'kundiyang'ana.

"Ndiye kuti zikudwala matenda angawa?"

"Eya, amayi."

"Mwazidwalitsa dala?"

"Eya, kuti tione ngati masamba anu amachiza."

Kenaka anafunsa funso limene silinali m'buku lililonse: "Nanga wakazizondapo ndani?"

Amayi saphonya kuzonda odwala. Munthu wa mumpingo akagonekedwa, iwo amakhala oyamba pakhomo la wodi, dengu kumanja. Ndinayesa kuwauza kuti izi ndi mbewa, zomwe zija ankationjolera pa kamtengo tikapita kumudzi. Anati zakumudzi n'zamoyo, izi n'zodwala, ndipo zikudwalira iwo. Lachinayi lotsatira, pochokera ku msonkhano wa amayi a kutchalitchi, anatsika minibasi ku Luwinga atavala bulauzi yoyera ndi duku, atanyamula nthochi ndi mtedza wokazinga.

Ndinafuna kulowa pansi ndi manyazi. Koma abambo a ku Rumphi anawalandira ngati nduna.

"Monire amama! Mwabwera kudzaona mapeshenti? Yewo chomene. Koma mkati simulowa, muonera pawindo apa."

Za nthochi anati odwalawa ali ndi chakudya chawochawo cholembedwa ndi adokotala, koma magadiyani ndiye amadya chilichonse. Anasenda imodzi pomwepo.

Amayi anayandikira galasi la pawindo, n'kufunsa kuti zimene zikumwa masamba awo ndi ziti. Ndinawalozera timakola ta kumanzere. Anazitcha "anzanga" nthawi yomweyo, n'kunena kuti tiweramitse mitu azipempherere.

"Amama, pepani," abambo aja anatero, nthochi ili m'kamwa. "Ngati n'kupemphera, pemphererani zonse. Mukasankha izi zokha, zikachira sitidziwa kuti achiza ndi masamba kapena pemphero. Kuno chilichonse timagawa mofanana."

Amayi anaona kuti mfundoyo ndi yomveka. Anapempherera magulu onse atatu, kuyambira kumanzere mpaka kumanja, osaiwala gadiyani wa mbewazo. Ine ndinali nditatsinzina, mapewa akugwedezeka ndi phwete.

Kuyambira pamenepo ndikangofika kunyumba, moni wake unali wakuti, "Anzanga aswera bwanji?" Ndinkawauza zimene kamakina kaonetsa: kuti shuga wa gulu la mankhwala a kuchipatala akutsika, koma wa anzawo aja sakusiyana ndi wa zimene sizikumwa mankhwala alionse. Iwo ankangopukusa mutu. Ankati timakina timeneto n'tabodza, ngakhale iwo kuchipatala tinkawanamizira. Masambawo amagwira pang'onopang'ono, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo m'mawa mwake kapoto kankabwereranso pa mbaula. Ndinayamba kutaya mtima. Kafukufuku ankayenda bwino, koma munthu amene ndinkamuchitira kafukufukuyo ankapitirira kuwonda.

Patapita masabata angapo anabweranso, osandiuza. Kunali kamvula kowaza kaja ka ku Mzuzu kosadziwika kuti kayamba liti, ndipo ine ndinali ndisanasinthe utuchi m'timakola. Ndinadandaula kuti apeza odwala asanawasinthire zogonera. Iwo anaimika ambulera pakhoma n'kupita pawindo pawo.

Amayi akafika pa bedi la wodwala safunsa za mafayilo. Amayang'ana m'mbale ngati wadya, amayang'ana m'kapu, amagwira nsalu yogonera. Ndi mmene anayang'anira tsiku limenelo. Maso awo anayamba ndi mabotolo.

"Botolo la anzangali mwathiramo madzi liti?"

"Dzulo madzulo, limodzi ndi ena onsewa."

Linali litatsala pang'ono kuuma. Mbewa imodzi inali itakakamira pa kampopi kake, ikumwa osapumira. Utuchi wa m'katimo unali wonyowa, wakuda, ndipo ubweya wa mbewazo unali nyankhalala. Amayi anasuntha n'kuyang'ana gulu losapatsidwa mankhwala: chimodzimodzi. Kenaka anafika pa gulu la mankhwala a kuchipatala. M'mabotolo madzi anali akadalimo ambiri, utuchi unali wouma, ndipo mbewa ina inali itakhala tsonga ikupukuta kumaso ndi timanja take.

Anabwereranso kumanzere, n'kuima nthawi yaitali. Abambo a ku Rumphi, amene anali atayamba kale kusuzumira m'dengu, analisiya.

"Ludzu limeneli ndikulidziwa," amayi anatero chapansipansi. "Umamwa, koma kukhosi kumakhala ngati sunamwe."

Ndinawauza zimene aphunzitsi anga ankatikumbutsa nthawi zonse, kuti mbewa si munthu, ndipo kafukufuku wamng'ono ngati wangayu sangagamule mlandu wonse wa masambawo. Anandidula.

"Usandiphunzitse, mwanawe. Chidebe cha mikodzo cha kuchipinda kwanga amataya ndani m'mawa? Ndaona ndekha."

Tinabwerera limodzi pa minibasi. Titafika kunyumba anatenga kapoto kaja, anakakhuthula kuseri kwa bafa, n'kukakwecha ndi mchenga mpaka kuwala. Kenaka anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndiye mawa lakelo ndijombe kalasi ya m'mawa ndiwaperekeze kuchipatala. Ndinalowa kuchipinda n'kukalira, chifukwa cha chimwemwe chokhachokha.

Kuchipatala anesi anawakalipira ndithu, ndipo amayi anapirira mwaulemu, zimene ndinali ndisanazionepo. Atadandaula za m'mimba, anawauza kuti mapilitsiwo azimwa pakati pa chakudya, osati m'mimba mulibe kanthu ngati mmene ankachitira. Nkhani yonse ija inali yomweyo. Pasanapite nthawi pini ija inachoka pa siketi, ndipo mnzawo wa ku Nkhata Bay anayamba kumva ulaliki wa mbewa Lachinayi lililonse.

Kafukufuku wa mtundu umenewu ali ndi mathero ake, ndipo si okoma. Pomaliza mbewa zonse zimagonekedwa ndi mankhwala osadzukanso, kuti tione mmene ziwalo za mkati zilili. Ndinkadziwa zimenezi kuyambira pachiyambi, koma tsikulo litayandikira chakudya chinkandikanika. Amayi anaona, anafunsa, ndipo ndinawauza zoona.

M'mawa wa tsikulo anandiperekeza mpaka pamsewu, chinthu chimene sankachita. Minibasi itaima, anandigwira mkono.

"Ukawauze anzanga kuti ndikumwa mankhwala."

Ndinafika mu labotale, ndinavala gauni, n'kuima kutsogolo kwa timakola ta kumanzere. Ndinadziona wopusa, koma uthenga wa amayi subwezedwa. Ndinaziuza mokweza ndithu kuti amayi akupereka moni, ayambiranso mapilitsi, ndipo ludzu lija linatha. Abambo a ku Rumphi anali kumbuyo kwanga akuvala magolovesi, ndipo sanandiseke.