Msoko wa Dzanja Lamanzere

Ine ndine wamanzere. Amayi anga ankandimenya dzanja kuti ndisinthe koma zinakanika, ndipo lero ndimathokoza Mulungu kuti analephera. Ndikasoka belo la fodya, msoko wanga umapendekera kwina, osati ngati wa anzanga, moti langa ndimalidziwa ngakhale lili pakati pa mulu.

Chaka chimene bambo a ana anga anamwalira, layisensi ya fodya inalembedwa m'dzina langa. Nambala yake ndinkailemba ndekha ndi utoto wakuda pa chiguduli cha belo lililonse. Chaka chomwecho kwathu ku Chulu kunabwera bwana wina wolemera amene ankafuna kuima pa chisankho. Anapereka lole yake kuti izitinyamulira mabelo kumsika ulere. Ife amasiye tinavina, kutchalitchi tinamupempherera.

Tsiku langa litafika, lole inatenga mabelo anga asanu m'mawa, ati ikatenge kaye ena kwa bwanayo kenako idzandidutsire. Inabwera dzuwa litapendeka. Ndinakwera kumbuyo n'kutsamira belo limodzi. Nambala inali yanga, yolemba ine ndemwe, koma msoko unali wa munthu wamanja. Ndinayandikiza mphuno. Fungo la fodya ndimalidziwa ngati la mwana wanga. Pansi pake panali fungo lina, la chamba.

Wina anali atalimasula belo langali n'kulisokanso. Masiku amenewo pa wailesi ankakamba zokhwimitsa lamulo kuti ogwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo azikhala kundende nthawi yaitali. Ndinkazimva ndikusankha fodya m'chigafa, n'kumati n'za anthu a m'tauni. Apa m'pamene ndinaona kuti apolisi akaimitsa lole, sadzafunsa mwini lole. Adzawerenga nambala ya pa chiguduli. Nanga ana anga anayi adzatsala ndi yani?

Ndinagogoda denga la lole mpaka dalaivala anatsika akuseka.

"Kwagwanji amayi? Chizungulire chayamba tisananyamuke n'komwe?"

"Achimwene, chonde, munditsitsire belo ili. Sindinalisankhe bwino, kumsika akalibweza."

"Katundu wa bwana akakwera satsika."

"Wa bwana? Ndimayesa ndi wanga?"

Kuseka kuja kunatha. "Amayi, inu paja ndinu opemphera. Muzingopemphera basi."

Ndinapempheradi, chamumtima, mawu awiri okha: Ambuye, ana. Kenako ndinamasula lumo limene ndimamanga pa nsonga ya chitenje lodulira ulusi, ndipo ndinadula chiguduli mozungulira nambala yanga. Dalaivala sananditchinge, mwina nayenso anali ndi mayi wake kwawo. Mabelo anayi enawo msoko unali wanga, ndipo nditamuuza kuti sindipita nawonso, anawagubuduzira pansi mokwiya. Lachisanulo linapita lopanda dzina, pamodzi ndi fodya wanga amene anali pamwamba pake. Ndinaima pafumbi nditafumbata kansanza kaja mpaka lole inazimirira.

Patapita masabata angapo bwanayo anabwera kutchalitchi ndi matumba a simenti. Potuluka ankapatsa anthu moni mmodzimmodzi. Atafika pa ine, ndinapereka dzanja lamanja monga mwa ulemu, koma iye anagwira lamanzere.

"Ndinu amayi osoka bwino aja, eti? Ana ali bwanji? Alipo anayi, si choncho?"

"Ali bwino, bwana," ndinatero nditagwada.

Kuchokera tsikulo ana anga ndinkawaperekeza ndekha mpaka pa msewu wa kusukulu. Sindinakanene kulikonse, ndivomere. Ndikanayambira khomo liti, poti kulikonse ankamupatsa mpando?

Kansanza kaja ndinakasunga m'buku langa la nyimbo. Ndikamva kuti lamulo alikhwimitsa sindikana, chamba chawononga ana ambiri kuno. Ndimangopempha kuti lifikenso kwa amene dzina lawo sililembedwa pa chiguduli. Ana anga anakula ndili nawo pakhomo, ndipo pa ichi sindisiya kuyamika. Koma mpaka lero belo langa silikwera lole ine ndisanakwere, ndipo ndimakhala nditagwira msoko mpaka kukafika.