Kabotolo ka apongozi anga

Apongozi anga aamuna sankanena odi. Akafika pampanda wa nyumba yathu ankangotsokomola kawiri, pang'ono chabe, khe khe, kenako n'kuima atayang'ana kumbali mpaka ine nditakonza chitenje n'kupatuka. Kwathu ku Chipata ulemu wa apongozi timaudziwa, koma wa ku Chikwa unandiposa msinkhu. Ndinapita kumeneko kukaphunzitsa pa pulaimale, ndinakwatiwa ndi mwana wawo, ndipo zaka zinayi zinatha ndisanaone bwinobwino nkhope ya bambo amene ndinkawaphikira tsiku ndi tsiku. Akazi awo anali atamwalira kale. Chakudya ndinkasiya pa kampando pakhomo pawo, iwo n'kudzatenga ine nditachoka. Ndinkawadziwa kuyambira m'chiuno kutsika: lamba, maondo, mapazi. Ndinkawadziwanso ndi kachifuwa kawo ka odi.

N'chifukwa chake ndinali woyamba kumva kuti chinachake chasintha. Titangokolola chimanga, khe khe uja anamera mchira. Ankayamba bwino, kenako n'kukoka, n'kumveka ngati munthu akukwekweza thumba pansi. Bulangeti lawo linayamba kuoneka pampanda m'mawa uliwonse, lonyowa, chonsecho inali nyengo yozizira. Mbale inkabwera ndi theka la chakudya. Ndipo tsiku lina nditagwada kuwapatsa moni, maso ali pansi monga mwa nthawi zonse, ndinaona boo latsopano pa lamba, loboola ndi msomali.

Mwamuna wanga amalondera nyama zakutchire ku Chifunda, ndipo amabwera kunyumba mwa apo ndi apo. Ndinamuimbira foni n'kumuuza kuti alankhule ndi bambo ake. Iye ndiye anawakakamiza kupita ku kiliniki. Anesi, mtsikana wa ku Lusaka wolankhula mothamanga, anawapatsa kabotolo kotseka n'kuwauza kuti akalavuliremo m'mawa. Analavuliramo. Kabotolo kanapita kukapimidwa ku chipatala cha ku Chama pa njinga yamoto, ndipo yankho linabwera lakuti chifuwa chachikulu sichinapezeke. Anawapatsa mapilitsi a chifuwa wamba. Tonse tinasangalala, ine kuposa wina aliyense, ngakhale makutu anga ankandiuza zina.

Patatha masabata atatu, ndikusesa kuseri kwa nkhokwe, ndinapeza khoko la chimanga lokwiriridwa ndi phazi. Linali ndi kamzere ka magazi. Ndinaima pamenepo ndi tsache m'manja, mantha atandigwira, komanso nditakwiya. Ndinakwiyira iwo pobisa, ndinakwiyira mwamuna wanga amene foni yake sinkagwira chifukwa anali kutchire, ndinadzikwiyira ndekha.

Ndinapita kwa anesi ndekha n'kubwera ndi kabotolo kena. Ndinakasiya pa kampando pambali pa mbale. M'mawa ndinakapeza pomwepo, katakulungidwa bwino m'pepala ngati mphatso. Panjira chidwi chinandigonjetsa, ndinakamasula. M'kati munali timadzi toyera, tathovu pang'ono pamwamba.

Anesi anangokayang'anitsa kuwindo n'kupukusa mutu.

"Aticha, aya ni mata chabe, malovu a m'kamwa. Ndiye chifukwa ulendo uja sitinapeze kanthu. Tifuna makhololo, aja ochokera pansi pa chifuwa, olimba. Manje ndani azawaonetsa? Kuno sangafike, miyendo yaleka."

Anandiphunzitsa ine m'mene amachitira, n'kundipatsa kabotolo kachitatu. Ndinabwerera kunyumba ndikudzifunsa funso lomwelo. Pamudzi panalibe mwamuna wamkulu woti ndimutume, ndipo kudikira mwamuna wanga kukanatenga masabata ena awiri. Mpongozi wamkazi salankhula za m'kamwa mwa apongozi ake. Ndinkadziwa kuti ndikachita zimenezi mwina sadzadyanso chakudya changa.

M'mawa mwake dzuwa litangotuluka ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa masau, akuwotha dzuwa. Sindinagwade patali ngati kale. Ndinayala chitenje masitepe angapo kumbuyo kwawo, kumene kunkachokera mphepo monga anandilangizira anesi, n'kukhala nditawafulatira. Iwo kuyang'ana kumunda, ine kuyang'ana kunkhokwe.

"Adada," ndinatero, pakuti kumeneko bambo amaitanidwa choncho, "mundikhululukire. Ndifuna kufunsa za kabotolo."

Anayankha m'Chinyanja chawo chosakaniza ndi Chisenga, chimene ankasungira ine ndekha.

"Amama, nalakwa chani? Anati lavulani, nalavula."

"Nanga zija zimatuluka mukatsokomola kwambiri?"

"Zija nimakataya kutchire poyamba. Nikatsiriza nichukucha m'kamwa na madzi, ndiye nilavula mu botolo. Ninganyamulitse mwana wa eni zonyansa? Imwe munyamule m'manja, nesi aone na maso? Iyai."

Ndinafuna kuseka, ndinafuna kulira. Bambo ameneyu ankadzuka m'mamawa, n'kudzikoka mpaka kutchire ndi miyendo yonjenjemera, kukataya chinthu chokhacho chimene chikanamupulumutsa, kuti ine ndisanyamule zonyansa. Ndinawakonda m'mawa umenewo kuposa kale lonse, komabe ndinawakalipira.

"Adada, zonyansazo ndi zimene akufuna. Matenda ali m'menemo. Mukapitiriza kutipatsa zoyera mudzafa, ndipo mudzafa ndi ulemu wanu wonse. Ine sindikufuna."

Sindinakhulupirire kuti mawu amenewo atuluka m'kamwa mwanga. Ndinadikira kumva akudzuka n'kuchoka. Sanadzuke.

"Manje nichite bwanji?" anafunsa motsitsa.

Ndinakankhira kabotolo kumbuyo osacheuka. Ndinawauza akoke mpweya wambiri mpaka nthiti zitambasuke, ausunge pang'ono, autulutse pang'onopang'ono. Katatu. Ndinayamba ine kuti amve, ndikupuma mokweza ngati ng'ombe, mayi wa mwana, mphunzitsi wa anthu. Iwo anatsatira. Ulendo wachitatu ndinati, "Tsopano tsokomolani kuchokera pansi, musameze." Anatsokomola chifuwa chimene ankandibisira miyezi yonse ija, chachitali, chong'amba, ndipo ine ndinangogwira maondo anga n'kumamvetsera. Pomaliza ndinamva chivundikiro chikutsekedwa.

"Musayang'anemo, amama."

"Sindiyang'anamo."

Ndinanama. Ndinayang'anamo ndisanafike n'kumsewu komwe, ndipo sindinaonepo chinthu chonyansa chondisangalatsa chotero.

Yankho linabwera lakuti ndi chifuwa chachikulu. Anayamba mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi, omwa m'mawa uliwonse asanadye. Ine ndi mwana wanga wamkazi, amene anali ndi zaka zitatu, tinapimidwa, ndipo mwanayo anamupatsa mankhwala omuteteza. Anesi anafuna munthu woonetsetsa kuti apongozi akumwa osadumphitsa, ndipo munthuyo anali ine. Choncho mtengo wa masau unasanduka ofesi yathu. Ndisanapite kusukulu ndinkakhala nditawafulatira, n'kumvera kapu ikugunda mano, n'kuchonga pa khadi. Kuti mpweya uzilowa, ndinatsegulitsa zenera la nyumba yawo limene linatsekedwa ndi njerwa akazi awo atamwalira. Mkodzo wawo utasintha mtundu n'kufiira anachita mantha, ndipo anazungulira nkhani kuyambira ku mbuzi mpaka ku mvula asanandiuze. Ndinawauza kuti ndi mankhwala chabe, anesi ananeneratu.

Mwezi wachitatu, atayamba kumaliza mbale ndi kupalasanso njinga, anati achira, mapilitsi akwana. Ndinawayankha kuti akasiyira panjira matenda adzabwera olusa, osamva mankhwala, ndipo ine ndidzabweranso kudzapuma ngati ng'ombe kumbuyo kwawo, ulendo uno anthu akuona. Aka kanali koyamba kuwamva akuseka. Anamwa mpaka tsiku lomaliza. Kabotolo kotsiriza kanapita ku Chama n'kubwera ndi yankho labwino, ndipo lamba anabwerera pa boo lake lakale.

Ndinkaganiza kuti tsopano tikhala ngati bambo ndi mwana, tizicheza maso ndi maso. Ayi ndithu. Sabata yotsatira tinakumana panjira ya kuchigayo, ndipo iwo anapatukira m'tchire monga kale, chipewa m'manja, maso kumbali. Zinandiwawa. Ndinadziuza kuti mwina sanandikhululukire mawu aja a pansi pa mtengo.

M'mawa mwake ndikumanga nsapato za mwana, ndinamva mapazi pampanda. Khe khe. Kawiri, kouma, kopanda mchira. Ndinakonza chitenje n'kupatuka, koma iwo sanalowe. Anaima pomwepo, ndipo ndinamva akukoka mpweya wambiri, kuusunga, n'kuutulutsa pang'onopang'ono. Katatu, mokweza, kuti ndimve kuti m'kati mulibe chokwekweza.

"Mwamva, amama?"

"Ndamva, adada."

Anapitirira kumunda. Amachitabe zimenezi mpaka lero, ndipo ine sindituluka m'nyumba kupita kusukulu ndisanawerenge katatu.