Mwana wa Wojambula Sayang'ana Kamera

Mchimwene wanga ndi wojambula zithunzi, ndipo pamsewu wathu palibe amene amamutchula dzina lake lenileni. Onse amati Osaphethira, chifukwa ndiwo mawu amene amakuwa asanadine kamera. Ngakhale ine mlongo wake wamkulu, amene ndinamubereka kumbuyo ali wamamina, ndimapezeka ndamuitana choncho.

Situdiyo yake ndi kachipinda kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi shopu yanga yosokera. M'katimo muli chinsalu chojambulidwa nyumba yosanja ndi mathithi, mpando umodzi, maluwa apulasitiki amene anaiwala mtundu wawo chifukwa cha fumbi, ndi jekete lakuda limene amuna ambiri a m'dera lino anajambulitsira pofunsira ntchito. Chibwerereni mafoni, ntchito inachepa. Masiku ano aliyense ndi wojambula, ngakhale aja amadula anzawo mitu. Zimene zinamutsalira mchimwene wangayo ndi tizithunzi ta ziphaso ndi zithunzi za ana.

Koma pa ana pokhapo, mwamunayu anapatsidwa. Mwana abwere akulira ngati waona jakisoni, Osaphethira amagwada, n'kugwedeza makiyi, n'kulira ngati tambala, zikakanika n'kudzisenzetsa nsapato pamutu. Mwana amangoti kakasi, kenako n'kuseka, ndipo pomwepo kamera yalira. Pakhomo pa situdiyo anapachika bolodi lagalasi lodzaza ndi ana a eni, onse maso ali pa iwe. Mkazi wake atakhala ndi pakati, anasuntha zithunzi n'kusiya mpata pakati penipeni pa bolodilo. Ankauza aliyense, ngakhale wosafunsa, kuti pamenepo m'pa mwana wake.

Mwanayo anabadwa wamkazi, chipumi ndi masaya zonse za malemu amayi athu, moti bambo ake amangomuitana kuti Mayi. Anakhala pansi, anakwawa, anayenda, koma mpata uja unali chikhalire. Ndikafunsa, mayankho sankasowa. Lero kuwala kunali koipa, mawa mwana anagwedezeka, mkuja inki yatha. Ndinkamunyogodola kuti ana a anthu odutsa ali m'galasi, wake ali ngati wobwereka, iye n'kuseka n'kusintha nkhani.

Mlamu wanga amasesa m'maofesi m'mawa, choncho mwanayo ankaswera kwa ife. Ine ndalera anayi, koma uyu anandisokoneza mutu. Akalowa m'shopu mwanga sankandiyang'ana. Ankapita pa bokosi la ulusi, n'kuyamba kundandalika timipukutu m'mbali mwa khoma, kuchokera pakhomo mpaka pa mashini. Usunthe kamodzi kokha, kulira kwake kwa maliro. Ometa akayatsa makina awo, iye manja kumakutu. Padenga pa situdiyo pali kabowo kamene kamalowetsa dzuwa, ndiye ankatha kukhala pamenepo nthawi yaitali, akuseweretsa zala m'fumbi lowala lija, akuseka yekha. Umuitane mpaka mawu akuthere, osacheuka. Koma ufunyulule siwiti kuseri kwa katani, wafika kale. Akafuna madzi ankagwira dzanja langa n'kukaliika pa botolo, ngati dzanjalo lilibe mwini. Mawu analibe, kupatula kung'ung'udza kwake.

Achibale, monga mwa masiku onse, aliyense anasanduka dokotala. Ena ankati ndi wogontha, ena ankati n'kupusitsidwa ndi bambo ake. Azakhali athu ena, amene sanamulerepo ngakhale tsiku limodzi, anati vuto ndi mayi ake, sayankhula naye. Mawu amenewo anamupweteka mlamu wanga mpaka anaonda, ndipo ine mpaka lero azakhaliwo ndimangowapatsa moni wapamwamba.

Tsiku lina masana mlamuyo anakhala pa benchi ya makasitomala anga, akupotokola m'mphepete mwa siketi yake.

"Alamu," anatero, "ndinamva pawailesi adokotala akufotokoza za ana ena. Akuti ndi vuto la kakulidwe lotchedwa otizimu. Zonse zimene ankatchula, ngati akumuona wathuyu. Ndawauza abambo ake kuti tipite kuchipatala akamuone, koma akukana. Mwina inu angakumvereni."

Ndinalowa m'situdiyo ndili ndi tepi m'khosi, n'kumupeza akudula tizithunzi ta ziphaso.

"Iwe, mkazi wako akupempha zopita kuchipatala, osati kundende. Ukukaniranji?"

"Achemwali, si inu mumanena kuti ine ndinachedwa kuyankhula? Lero ndani amanditseka pakamwa?"

"Unachedwa, inde. Koma ukafuna chinthu unkandiyang'ana m'maso mpaka ndichite manyazi."

Sizasi inaima. Sanadzutse mutu. Anangoti mwana wake si wodwala, ndipo tsiku lobadwa likubwerali adzamujambula chithunzi choti tonse tidzasowe chonena. Ndinatuluka nditakwiya, ndikuganiza kuti mwamuna wamkulu ngati ameneyu akulephera kuona chinthu chili pamphuno pake.

Tsiku limene mwanayo ankakwanitsa zaka zitatu, ndinamusokera diresi yachikasu yopanda zingwe kapena mabatani, chifukwa zokanda pakhungu sazifuna. Osaphethira anapukuta maluwa aja, anakolopa, n'kubweza bambo wina amene ankafuna chithunzi cha chiphaso. Tinatseka chitseko, ife atatu ndi mwana. Mayi ake anamukhazika pampando, ndipo anakhaladi, koma nkhope ili kumbali, kumene kunali kuwala kwa padenga kuja.

Makiyi analira. Tambala analira, mpaka ometa anagogoda khoma kuti kwacha kale. Nsapato inakwera pamutu. "Mayi! Mayi anga, tayang'anani kuno! Kuno kwa adadi!" Mwana zala m'mwamba, akusewera ndi fumbi lake. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa mchimwene wanga. Anadina kamera, fulashi inang'anima, mwana anakuwa n'kutseka makutu. Pamenepo iye anachita chinthu chimene sindinamuonepo akuchita kwa mwana aliyense. Anamugwira chibwano n'kutembenuzira nkhope kwa iye. Nkhope inatembenuka, koma maso anathawira kukhoma, kathupi konse kali gwa.

"Musiyeni, bambo ake," anatero mlamu wanga, motsitsa mawu. "Mukumuopsa."

Anamusiya. Mwana anatsika n'kukalowa kuseri kwa chinsalu cha mathithi, n'kumang'ung'udza. Mchimwene wanga anakhala pampando wa makasitomala uja, kamera ili pamwendo, nsapato imodzi kuphazi.

"Mukuyesa sindikuona?" anatero. "Ine ana ndimaswera nawo. Khanda la miyezi ingapo, losandidziwa n'komwe, ndikagwedeza makiyi limandiyang'ana. Ndinazindikira inu nonse musanayambe kunong'onezana. Ndamujambula kosawerengeka mwana ameneyu, ndipo chilichonse ndimafufuta ndisanafike kunyumba. Ndimati ndikapeza chimodzi chokha akundiyang'ana, ndiye kuti ndimalakwitsa ndine."

Mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo, ndipo ndinamumvera chisoni kwambiri. Ine ndinkamuyesa wosaona, pamene munthu ankasenza yekha chinthu chimenechi, uku akulira ngati tambala kusangalatsa ana a eni. Mkazi wake anatola nsapato ija n'kumuikira pafupi ndi phazi.

"Ndiye mumandisiya ndizinenedwa ndekha?" anafunsa.

Mchimwene wanga anavala nsapatoyo. Kenako anati, "Pepani, mayi ake. Tipite Lolemba."

Anapitadi, situdiyo n'kukhala yotseka tsiku lonse. Makutu anawayeza n'kupeza kuti ali bwinobwino. Kenako anawatumiza kwa mayi wina woona za kakulidwe ka ana, amene anakhala pamphasa ndi mwanayo n'kumamuonerera akusewera. Mayiyo anati zizindikiro zikufanana ndi otizimu, koma sangagamule tsiku limodzi, ayenera kumuonanso. Anati palibe amene analakwitsa, mayi kapena bambo, ndipo mawu amenewo mlamu wanga anandibwerezera kangapo, akulira. Anawauzanso kuti mwana wotere amathandizika, makamaka akayamba msanga, ndipo poyambira pake n'posavuta: m'malo momukokera kumene inu muli, pitani kumene iye ali, muone chimene akuona.

Sindinganame kuti zinthu zinasintha. Mwana sanayambe kuyankhula, ndipo makina a ometa amawaopabe. Amapita kuchipatala kuja pa masiku amene anawapatsa, ndipo dzina la vutoli akulidikirabe. Usiku wina makolowo amagona, wina sagona. Chimene chinasintha ndi mawondo a thalauza la mchimwene wanga, amene tsopano ndimawaika zigamba kawirikawiri.

Masana kukakhala kopanda makasitomala, ndimamuona kudzera pakhomo atagona chafufumimba pasimenti, pambali pa mwana wake, onse awiri akuyang'ana kuwala kwa padenga. Makiyi ali m'thumba, tambala anapuma. Mwana akakweza zala, nayenso amakweza zake. Tsiku lina mwanayo anagwira dzanja la bambo ake n'kuliika m'kuwalamo, osawayang'ana. Kodi ankawaonetsa, kapena ankangofuna zala zina zoti ziuluze fumbi? Sindikudziwa. Mchimwene wanga anabwera kudzandiuza akusangalala ngati wapambana mpikisano, ndipo ine sindinamutsutse.

Chithunzi anachijambula ali chigonere pansipo, wopanda fulashi, wopanda kukuwa. Anachitsuka chachikulu kuposa zonse n'kuchiika pampata uja. Mwana wavala diresi yachikasu, nkhope ili chammbali, kadzanja kali m'mwamba, kuwala kwagwera pachipumi cha amayi athu chija. Pa ana onse a m'galasimo, ndi yekhayo amene sakuyang'ana munthu.

Mawa lake kunabwera mayi wina ndi mapasa, wovala bwino, wofulumira kuyankhula. Anaima pa bolodi akusankha kakhalidwe koti ana ake ajambulidwire, kenako analoza pakati.

"Koma ichi ndiye munalakwitsa, a Osaphethira. Mwana sanayang'ane n'komwe. Eni ake anachikana eti?"

Ine ndinaimitsa mashini, mawu ali kale kukamwa. Koma mchimwene wanga ananditsogolera. Anapukuta galasilo ndi mkono wa malaya ake, pamalo pomwe mayiyo anakhudza ndi chala.

"Ayi, mayi, sichinalakwike," anatero. "Ndi mmene amakhalira. Mwini wake ndine."